Mtengwa Wathu Pamaso pa Aboma

Triesh, 11 Malichi 1990

Mwana wanga Prela,

Moni kuchokera kwa ine bambo wako, Marash Ujkaj. Cholembera chili m'manja mwa mlongo wako Vitore koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asathiremo mchere wake.

Ana anga ndi anayi ndipo palibe amene anandigwetsa nkhope. Deda, wachisamba, anachoka pano atavala nsapato zanga, lero ali ndi malo odyera akeake ku Detroit ndipo Aamereka amaima pamzere kudikira nyemba zake. Mrika anakwatiwa ku Hoti, wabereka anyamata atatu, ndipo apongozi ake sanakwerepo phiri lino kudzadandaula. Iwe Prela umapachika zitseko za galimoto ku fakitale, ndipo boma la Amereka linakulemba kukhala nzika yake ngati unabadwira komweko. Vitore, chitsirizira, ndi namwino ku Tuz. Amabaya jakisoni ngakhale apolisi, iwo n'kunena zikomo. Ine sukulu ndinangoiona denga ndikudutsa ndi nkhosa, koma munda wanga ndi umenewu.

Ndayamba chonchi chifukwa lero pakhomo pa tchalitchi ndatchula mayina anu momwemu pamaso pa amuna onse. Deda walemba kuti boma lakuitanani, iwe ndi mtengwa wathu Drane, kuti mukaonekere ku ofesi yaikulu. Mnansi wathu Zef anafunsa ngati mwaba kanthu. Ndinamuuza kuti mbava siziitanidwa ndi kalata. Boma lamva kuti ku nyumba ya Marash kuli mtengwa, likufuna kudzionera lokha.

Ndipo lione. Mtsikana ameneyo ndinamusankha ndine. Ndinamuona koyamba pa maliro ku Koja akuthirira akuluakulu madzi osamba m'manja, ndipo anatuluka m'chipindamo chammbuyo osalozetsa msana kwa munthu. Pa ukwati wanu anaima pakona tsiku lonse, manja pamimba, maso pansi, ntchentche kutera pamphuno iye osaphethira. Mpaka lero azimayi amauza ana awo kuti, ima ngati mtengwa wa kwa Ujkaj.

Tsopano zaka ziwiri zikukwana. Kabedi kamatabwa kamene munagonamo nonse anayi muli makanda ndakatsitsa kudenga, ndakapaka mafuta, kali pafupi ndi mbaula. Sindikufunsa kanthu. Ndikungokuuza kuti kali pamenepo.

Kuno chisanu chatha, mipesa ndadulira, bondo ndi lomwe lija. Undilembere wekha, usamasiyire mkulu wako. Unene tsiku lake kuti ndikayatse kandulo.

Bambo wako,
Marash


Detroit, 1 Epulo 1990

Bambo,

Moni. Tili bwino, Drane akupsompsona dzanja lanu. Bondolo muzilifunditsa.

Bambo, si ulemu umene atiitanira. Pobwera kuno Drane anapatsidwa chiphaso cha zaka ziwiri zokha. Kuti amupatse chokhazikika, aboma oona za alendo akufuna atsimikize kuti ndife banja lenileni. Kuno alipo anthu okwatirana papepala pokha kuti wina apeze chiphaso, kenako aliyense n'kulowera kwake. Ndiye amafunsa kuti munakumana kuti, mumadya chiyani, amadzuka woyamba ndani. Akakhutira, Drane akhala. Akapanda kukhutira, amubweza kumudzi ine n'kutsala kuno. Nkhani yake ndi imeneyo.

Chikalata cha wansembe tili nacho, koma akuti chikalata aliyense ali nacho. Chimene amakhulupirira ndi zithunzi, ndipo za ukwati zonse zinatsala m'bokosi la malemu amayi. Munditumizire zimene tilipo awiri. Makamaka chija anatijambula msuweni wathu kuseri kwa nyumba, patsinde pa mkuyu, m'mawa mwake ukwati utatha. Mukuchidziwa: Drane akuseka, ine ndamugwira dzanja. Chimenecho chingayankhule kuposa ine, pakuti kuno sitinajambulitsepo. Ndikangotulutsa kamera iye amathawira kukhitchini.

Tsiku lake ndi 17 Meyi. Musazengereze, positi imayenda ngati bulu wa a Zef.

Za kabedi ndamva. Chonde musamazilembe, Drane amawerenga nawo makalata anu.

Mwana wanu,
Prela


Triesh, 22 Epulo 1990

Mwana wanga Prela,

Moni kwa iwe ndi kwa mtengwa. Kalata yako Vitore wandiwerengera kawiri ndipo ine sindikuopa. Ngati akufuna kusiyanitsa banja lenileni ndi lapapepala, ntchito yawo ichepa. Achinyengowo ndi amene amanyambitana pamsewu kuti anthu awaone. Banja lenileni limadziwika ndi manyazi ake.

Zithunzi ndasankha ndekha, ndinakhala nazo tsiku lonse padzuwa. Muli cha mtengwa akutuluka pakhomo pa bambo ake, misozi ikuyenderera monga ayenera mwana woleredwa bwino. Muli cha mdipiti wa magalimoto ukukwera phiri ndi mbendera patsogolo. Muli cha mtengwa ataima pakona, chimene chinaliza azimayi. Muli cha amuna tonse m'chipinda cha alendo, ndevu zisanu ndi ziwiri za m'mapiri ano pa mphasa imodzi. Aboma akaona chimenecho adziwa kuti sunatole mkazi panjira.

Cha mkuyu usachifunenso. Ndinachiponya mu mbaula sabata yomwe ndinachiona koyamba, chisanafike m'manja mwa alongo ake a Drane. Mtengwa wa tsiku limodzi, mano onse pamtunda, mwamuna atamugwira ngati mbuzi ya pamsika. Ukanachionetsa kwa aboma akanati ndi mkazi wa m'malo omwera mowa. Ndinakutchinjiriza, udzandithokoza.

Tsopano mvera bwino, ndipo ndime iyi umuwerengere mtengwa. Musapite awiriwiri ngati ana amasiye. Mlandu wa nyumba amayankhula ndi wamkulu, ndiye Deda apite nanu, akhale pakamwa panga. Iwe mtengwa, kumene ukupitako kuli akuluakulu a dziko. Ukachite monga unachitira pamaso panga tsiku loyamba. Usakhale pansi mlamu wako asanakhale. Usagundane phewa ndi mwamuna wako. Usayang'ane mkulu m'maso, usathamangire kuyankha, ndipo za m'nyumba zitsale m'nyumba. Dzina la nyumba ino lili m'manja mwako kutsidya kwa nyanjako. Usalichititse manyazi.

Mukatuluka mundilembere tsiku lomwelo. Ndasunga kachasu wa mphesa wa chaka cha ukwati wanu.

Bambo wako,
Marash

Achimwene, apa ndalemba ine Vitore, bambo apita kukhola. Ndinakhuthula bokosi lonse, palibe ngakhale chimodzi chimene muli awiri. Msuweni uja akuti filimu yake inatayika posamuka. Ndinawauza bambo kuti zithunzi asankhazi zikuoneka ngati za maliro, anandiyankha kuti ndizibaya anthu jakisoni, za ukwati ndiwasiyire okwatira. Ndime yawoyo mukanangoidumpha.


Detroit, 20 Meyi 1990

Bambo,

Moni, ndine Deda. Ndikulemba ine chifukwa mwana wanu wapamtima sakundiyankhula.

Kalata yanu Drane anaiwerenga yekha Prela ali kuntchito, ndipo anaisunga pamtima ngati pemphero. Tinapita monga munalamulira. Ndinatseka malo odyera tsiku lathunthu, ndinavala suti. M'chipinda chodikirira munali anthu a mitundu yonse awiriawiri, atakolekerana manja, ena akupukutana milomo, ngati auzidwa kuti wosiya mnzake amangidwa. Ife tinakhala mwaulemu.

Anatiitana mayi wina wa magalasi a chingwe m'khosi. Mayi, Bambo, osati mwamuna. Ndinamuuza kuti ndabwera kudzamasulira, anavomera monyinyirika. Drane anakana kukhala ine ndisanakhale, ndiye ndinakhala pakati, iye kumanzere kwanga, Prela kumanja, monga pa mlandu uliwonse. Mayiyo analemba kanthu.

Anafunsa Drane dzina la mwamuna wake. Ndinamasulira. Drane anayang'ana nsapato zake. Anafunsanso, makutu a mwanayo anafiira ngati tsabola. Ndiye ndinayankha ine kuti ndi Prela Ujkaj, si uyu mukumuonayu? Mayiyo anavula magalasi.

"Kodi mwamuna wake ndinu?"

Ndinati Mulungu andikhululukire, ine ndine mlamu wake wamkulu, ndipo kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake, makamaka ine ndili pomwepo. Anati kuno amatchula. Analembanso.

Kenako zithunzi. Anaziyala patebulo ngati makadi a njuga. Anatola cha Drane akutuluka kwawo nafunsa kuti wamwalira ndani. Ndinati palibe, chimwemwe chathu n'chimenecho. Analoza munthu amene wamugwira pamkono: uyu ndani? Ine. Wam'tsegulira chitseko cha galimotoyu? Ine. Mukudziwa kuti ndine ndinatsogolera otenga mtengwa, ndipo ndinali nditatchena. Anafunsa kuti nanga mkwati ali kuti. Prela anafotokoza yekha m'Chingerezi chake chija kuti mkwati sapita kukatenga mkazi, amatsala pakhomo kuthirira alendo khofi. Mayiyo anasakasaka mpaka anamupeza pa chithunzi cha amuna, kumbuyo kwenikweni, theka la mutu ndi thireyi.

Anafunsa ngati ankadziwana ukwati usanachitike. Prela anati anamuona kamodzi kutchalitchi, chapatali. Nanga ana? Apa Prela anatambasula mkono, kudutsa pamimba panga, kuti agwire dzanja la mkazi wake. Drane analibweza ngati wakhudza mbaula. Sindingamunene, anachita zimene munamuuza.

Mayiyo anatseka mapepala nati adzawaitananso, aliyense m'chipinda chake, ine ndisapezekeko. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Tinakwera galimoto. Ndinati tiyeni tikadye, ndawotcha nkhosa. Prela anati, "Idyani inu achimwene, akwati ndinu. Mwakwatira bwino lero." Ndinamukumbutsa kuti ndinkamupukuta mamina, asandiyankhe ngati mnzake. Kumbuyo Drane anafunsa motsitsa mawu ngati walakwitsa penapake. 

Kachasuyo musatsegule.

Deda


Triesh, 17 Juni 1990

Mwana wanga Prela,

Moni. Ndamva za Deda ndipo magazi anandikwera mpaka Vitore anandimanga chopimira chake pamkono. Dziko limene limafunsa mkazi wa mwini dzina la mwamuna wake pamaso pa mlamu, ndi dziko lanji? Mayi wa magalasiyo alibe apongozi?

Ukawauze kuti ngati sakukhulupirira abwere kuno. Ndiwaphera nkhosa, ndiwatengera khomo ndi khomo, afunse aliyense amene anadya pa ukwati umenewo. Mfuti zinalira mpaka ku Koja anamva. Ukwati wapapepala umalizitsa mfuti?

Mtengwa umuuze kuti sanalakwe paliponse. Ndanyadira. Ulendo wachiwiri akachite chimodzimodzi, mwala sugwa ndi mphepo yoyamba. Kutchalitchi ndawauza kuti aboma anachita naye chidwi, akufuna kumuonanso.

Kabedi kaja njenjete zinayamba mwendo umodzi, ndasema wina.

Bambo wako,
Marash


Triesh, 9 Disembala 1990

Prela,

Moni, ngati moni wa bambo ukadali ndi ntchito kumeneko. Mphesa tinakolola, kachasu tinatcheza, chipale chofewa chagwa pamapiri, ndipo kalata yako sindinaione. Vitore amadzera ku positi tsiku ndi tsiku mpaka wa pazenera amangopukusa mutu asanafike. Deda akalemba amanena za mitengo ya nyama ndi matenda a mkazi wake, za inu amadumpha ngati dzenje.

Dzulo kunabwera alongo ake a Drane, awiri. Khofi anamwa theka, fodya wanga anakana. Wamkuluyo anati amva ku Tuz kuti mlongo wawo akubwezedwa, ndipo akufuna kudziwa ngati akubwezedwa ndi boma kapena ndi mwamuna amene watopa ndi mkazi wosabereka. Ndinamuuza kuti nyumba ya Ujkaj sinabwezepo mtengwa chiyambire. Anati tiona.

Ndiuze choti ndiwauze. Ndikufuna mizere iwiri yokha.

Marash


Detroit, 3 Febuluwale 1991

Bambo apongozi anga,

Ndikupsompsona dzanja lanu. Ndine mtengwa wanu Drane. Ndikudziwa kuti mtengwa salembera apongozi, mundikhululukire. Mwana wanu akuti sadzagwiranso cholembera, ndipo nkhaniyi singadikire mtima wake.

Anatiitananso mwezi wa Sepitembala. Anatilowetsa m'zipinda zosiyana n'kutilumbiritsa. Kwa ine kunali mayi wa magalasi uja ndi womasulira wa boma, mwamuna wa chiyankhulo chathu. Ndinamuzindikira, amadya kawirikawiri kwa alamu a Deda.

Mafunso oyamba sanandivute. Makatani ndi amtundu wanji, mwana wanu amadzuka nthawi yanji, anadya chiyani dzulo. Ndinawauza kuti mkate amadya pakati n'kusiya makoko, kuti ali ndi chipsera cha chikwakwa pansi pa bondo, kuti akakhumudwa amakonza mpope wosawonongeka. Mayiyo anamwetulira pang'ono. Anafunsanso dzina. Bambo, ndinalitchula. Koyamba chikwatiwire ndinalitchula mokweza, m'chipinda chimene eni ake munalibe. Mukandilanga pa chimenecho ndilandira.

Kenako anafunsa ngati ndinagonapo m'chipatala chibwerere kuno, ndiponso ngati ndinaimapo.

Apa ndiyenera kukuuzani chimene tinakubisirani. Novembala wa chaka chinacho ndinapita padera. Mimba inali ya miyezi isanu, anali mwamuna. Mwana wanu anandinyamula pamanja kutsika makwerero, anagona pampando wa m'chipatala mpaka ndinatuluka. Ngakhale alamu a Deda sanadziwe. Tinkati tikuuzani, koma kalata yanu inafika yonena kuti mwapaka mafuta kabedi.

Womasulirayo anandiyang'ana akudikira. Ndinadziwa kuti ndikanena, mawu adya nkhomaliro kwa alamu ndipo afika ku Triesh positi isanafike. Amayi anga anandiphunzitsa kuti zoterezi sizinenedwa kwa mwamuna wachilendo. Inunso munalemba kuti za m'nyumba zitsale m'nyumba. Ndinati ayi, sindinagonepo m'chipatala.

Kuchipinda chinacho mwana wanu anali atanena zonse, tsiku lake, dzina la chipatala, akulira. Ndiye aboma analemba kuti mmodzi wa ife wanama atalumbira, ndipo chiphaso changa anachithetsa.

Tsopano watsala woweruza, pa 14 Malichi. Loya akuti mapepala a chipatala alipo koma paokha sakwanira. Ndiyenera kuima ndekha, kunena kuti ndinanama, ndi kufotokoza za mwanayo ndi pakamwa panga. Khomo la khoti ndi lotsegula, ndipo anthu a kwathu kuno mlandu saunyalanyaza, adzadzaza mabenchi. Mwana wanu akuti yankhula, manyazi akudyetsa chiyani. Mwina akunena zoona. Koma mwanayo anali wa nyumba yanu, ndipo dzina munaliika m'manja mwanga ndinu. Sindingalitaye pabwalo popanda mawu anu.

Ndiuzeni, Bambo. Mukati yankhula, ndiyankhula. Mwana wanu sindikufuna kuwasiya okha kuno. Sadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere.

Mtengwa wanu,
Drane


Triesh, 3 Malichi 1991

Mtengwa wanga, mwana wanga Drane,

Moni. Kalata yako inafika sabata yatha. Vitore anawerenga mpaka pakati n'kulephera, anamaliza m'mawa mwake. Ine ndinapita kumanda kwa apongozi ako aakazi. Ndinapitako kangapo. Iwonso anataya awiri Deda asanabadwe, ndipo sitinakambepo, ngakhale awirife, mpaka analowa m'manda.

Lemba bwino apa, Vitore. Yankhula, mwana wanga. Unene zonse, woweruzayo umuyang'ane m'maso. Mwamuna wako umutchule dzina, ndipo akatambasula dzanja usalibweze. Wina wa pa mabenchi akaseka, Deda amulembe dzina, ndidzaonana ndi bambo ake kuno. Ndanena ine Marash Ujkaj.

Vitore akuti masiku atha, titsikire ku Tuz tikaimbe lamya ku positi. Ndakana. M'kabokosi kaja munthu amachita kukuwa kuti amveke ku Amereka, ndipo pamzere pamakhala theka la msika, Zef ali kutsogolo. Mdzukulu wanga sindingamukuwe pa positi ngati mtengo wa anyezi. Mawu otere amafuna pepala. Kalatayi tailipirira ya changu, wa pazenera walonjeza kuti ifika nthawi yake.

Bambo wako,
Marash

Mlamu, ndine Vitore. Mawa ndiyesa kuimba ndekha ndikaweruka, bambo asadziwe.


Detroit, 24 Malichi 1991

Bambo,

Kalata yanu yafika Lachitatu lapitali. Mlandu unali Lachinayi la sabata inayo.

Vitore anaimba, ndinayankha ndine. Ndinamuuza Drane kuti bambo avomera. Anafunsa ngati mawuwo ndawamva kwa inu. Ndinati kwa Vitore. Anati Vitore ndi wachifundo, ndipo inenso ndikhoza kunena chilichonse kuti ayankhule. M'mawa wa mlandu anaima pa bokosi la makalata atavala kale chikhoti, mpaka loya analiza hutala.

Mabenchi anadzaza, monga ananenera. Woweruza anali munthu woleza. Ananyamula pepala la chipatala m'dzanja limodzi, lumbiro la Drane m'dzanja lina, namufunsa kuti choona n'chiti. Anafunsa katatu. Drane anaima manja pamimba, maso pansi. Akanakhalapo azimayi a ku Triesh akanalira ndi kunyadira.

Amupatsa mpaka kumapeto kwa Meyi kuti achoke yekha. Loya akuti tingapemphenso ali kumudzi, koma mawu akuti ananama atalumbira alembedwa, ndipo sakudziwa kuti zitenga zaka zingati. Akuti ndisasiye ntchito, apo ayi palibe chopempherapo. Ndiye womuperekeza pa ndege ndi Deda. Monga kale.

Kalata yanu waiwerenga. Waipinda, waiika m'sutikesi, kenako wapita kukandilembera pa zitini za kukhitchini: mchere, shuga, khofi.

Munati ndidzakuthokozani.

Prela


Triesh, 28 Epulo 1991

Mwana wanga Prela,

Moni kuchokera kwa bambo wako. Sindikupempha yankho. Vitore alemba pang'onopang'ono chifukwa ndikufuna mawu aliwonse akhale pamalo pake.

Lero pakhomo pa tchalitchi Zef anafunsa kuti ana ali bwanji ku Amereka. Amuna anadikira kuti nditchule mayina monga ndimachitira. Ndinati ali moyo, n'kudutsa.

Mtengwa ndikamulandira ndekha ku bwalo la ndege la ku Titograd. Sapita kwa alongo ake, abwera kuno, kunyumba kwake. Chipinda chanu Vitore wachipaka laimu. Kabedi ndakabweza kudenga, kuseri kwa migolo, pamene munthu sangakaone akakwera kukatenga anyezi. Ndinakakweza ndekha, bondo silinandiletse.

Ndinapita kwa wansembe. Ndinamuuza za mwanayo ndi pakamwa panga, wotumikira ku guwa ali pomwepo akupukuta zoikapo makandulo, ndipo denga silinagwe. Adzachita Misa. Anafunsa dzina loti atchule, ndinati dzina adzapereka ndi mayi wake.

Ikatha Misa anthu onse akwera kuno. Ndaitana Mrika ndi apongozi ake, amalume ako, alongo a Drane ndi akazi awo, ndi Zef yemwe kuti asamve za m'maluwa. Ndidzaimirira pamaso pawo ndi kunena kuti mtengwa uyu sanabwezedwe ndi mwamuna wake, sanalakwire munthu, ndipo anaberekera nyumba ino mwana wamwamuna. Alongo akewo akadzafuna kudziwa amene anamutseka pakamwa, adzandipeza ndaima kale.

Ndalankhulanso ndi wojambula wa ku Tuz, wa sitolo ya pafupi ndi mlatho. Mkuyu uja ulipo, chaka chino wabereka kwambiri. Ndasesa pansi pake. Ndikudziwa zimene loya wanena za ntchito, koma fakitale imene singapatse munthu sabata imodzi ndi ndende. Ukabwera, mudzaime pamenepo awiri, umugwire dzanja, ine ndi alongo ake tikuona. Ngati angathe kuseka, aseke. Chithunzicho chidzapite kwa mayi wa magalasi. Ukapanda kubwera, wojambulayo ndamuuza kale kuti adzangodya n'kubwerera, kamera asaitulutse m'thumba. Zithunzi za mtengwa ataima yekha tili nazo zokwanira.

Vitore akufunsa ngati pali china. Palibe. Tsiku lake ndi la Antonio Woyera, Lachinayi pa 13 Juni. Misa ndi ya m'mawa, chakudya masana, ndipo mpando wako udzakhala pafupi ndi wake.

Bambo wako,
Marash Ujkaj